Kujambula nyama ku Okavango ndi ku Kalahari pa ulendo umodzi: mwezi woyenera ndi uti?

Mbewe:
Moni nonse. Ndikukonzekera ulendo wokajambula nyama zakutchire ku Botswana, ndipo ndikufuna kukaona madera awiri osiyana kwambiri pa ulendo umodzi, zithaphwi za Okavango ndi chipululu cha Kalahari. Okonza maulendo amene ndalankhula nawo anditchulira miyezi iwiri, Febuluwale ndi Julayi, ndipo aliyense akuyamikira mwezi wake. Ndili ndi kamera imodzi ndi lenzi ya 100-400mm, koma ndikuganiza zobwereka ina yaitali, yokokera zinthu zakutali kwambiri, ya 600mm. Ndikupempha inu amene munajambulapo kumeneko kuti mundiunikire pa zinthu ziwirizi, mweziwo ndi lenziyo.

Nabanda:
A Mbewe, nkhani ya lenzi tiyiike pambali kaye, chifukwa zithunzi zimene mudzabwere nazo zidzadalira kwambiri kumene madzi adzakhale ali pa nthawi ya ulendo wanu.

Madzi ambiri amene amasefukira mu Okavango sachokera ku mvula ya ku Botswana. Mvulayo imagwa m'mapiri a ku Angola, madzi ake amatsika ndi mitsinje ya Cubango ndi Cuito, amadutsa kumpoto kwa Namibia, ndipo amalowa mwamphamvu m'dziko la Botswana pa Mohembo cha m'ma Malichi ndi Epulo. Kuchokera pamenepo nthaka ndi yathyathyathya kwambiri, ndipo gumbwa ndi bango zimawachedwetsa, moti amatenga miyezi pafupifupi inayi kuti ayende makilomita pafupifupi 250 kukafika ku Maun, tauni ya kumapeto kwa zithaphwizo. Zotsatira zake n'zakuti zithaphwi zimadzaza kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene kumwamba kulibe mtambo ndipo dera lonse lozungulira lauma. Njovu, njati ndi nyama zina zimachoka m'nkhalango zouma n'kudzaunjikana m'mphepete mwa madziwo, udzu umakhala waufupi, ndipo wojambula amaona patali.

Kalahari imayenda mosemphana ndi zimenezi. Ku Central Kalahari Game Reserve, malo a masikweya kilomita 52,800 amene anakhazikitsidwa mu 1961, kulibe mtsinje woyenda. Nyama zimadalira udzu wanthete umene umamera m'zigwa za mitsinje yakalekale, monga Deception Valley, mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo. Nthawi imeneyo ndi imene mbawala zotchedwa springbok zimakhala ndi ana, zina za nyanga zazitali zotchedwa gemsbok zimasonkhana m'magulu akuluakulu poyera, ndipo mikango ya manyenje akuda pamodzi ndi cheetah, zilombo zaliwiro zofananako ndi nyalugwe, sizipita kutali. Kuwonjezera apo mumakhala ndi mitambo yakuda ya mvula kumbuyo kwa nyama, chinthu chimene mu Julayi simungachipeze. Udzuwo ukauma, nyama zambiri zimabalalika kukafuna mizu ndi mavwende akutchire, ndipo mutha kuyenda m'mawa wonse osaona zambiri.

Choncho onse awiri amene anakulangizani akunena zoona, koma aliyense akunena za dera limodzi. Muyenera kusankha dera limene mukulifuna kwambiri, linalo mulilandire monga lidzakhalire. Mukasankha Febuluwale, dziwani kuti ku Okavango ngalande zina zimakhala zitaphwa, udzu umakhala wautali, misewu ya mu paki ya Moremi imakhala matope, ndipo udzudzu wa malungo umachuluka, ngakhale kuti mbalame zimakhala zambiri kuposa nthawi ina iliyonse.

Jere:
Mayi Nabanda afotokoza bwino za madzi, koma sindikugwirizana nawo pa mfundo yakuti chipululu mu Julayi n'chongolandira. Zimenezo n'zoona ku Central Kalahari, koma Kalahari ndi yaikulu. M'chilimwe wojambula amasiya kuthamangitsa nyama n'kukakhala pamene pali madzi ochepa amene atsala. Kumadzulo kwa Makgadikgadi, dera la zigwa zazikulu za mchere, kuli mtsinje wa Boteti, umene umalandira madzi otsalira a Okavango kudzera mu mtsinje wa Thamalakane. Mbidzi ndi nyumbu zimene zimadya m'zigwa za mchere nthawi ya dzinja zimabwerera kumeneko mvula ikatha, ndipo masana zimatsika pagombe mu fumbi lalikulu kudzamwa madzi. Mtsinjewu unauma kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1990 n'kuyambanso kuyenda cha m'ma 2009, ndipo zaka za chilala umaphwanso, choncho mufunse momwe ulili musanalipire.

Chinanso ndi tinyama totchedwa meerkat ta m'mphepete mwa zigwa za mchere, timene tinazolowetsedwa kukhala pafupi ndi anthu. M'mawa wozizira wa Julayi timatuluka mochedwa, timaima ndi miyendo yakumbuyo pakhomo pa una, mimba zitaloza kudzuwa, ndipo timakhala choncho kwa nthawi ndithu tisanapite kukasaka. Mukagona chafufumimba pansi, kamera ili molingana ndi maso ake, dzuwa likuwala m'mphepete mwa ubweya, mupeza chithunzi chimene lenzi yanu ya 100-400mm ichita bwino lomwe, mwinanso mudzafuna yaifupi kuposa imeneyo.

Amene akufuna mikango ndi mbalame zolusa m'chilimwe apite ku Kgalagadi Transfrontier Park, imene inatsegulidwa mu 2000 pophatikiza mapaki a South Africa ndi Botswana. Kumeneko misewu imatsata mitsinje youma ya Nossob ndi Auob, ndipo m'mitsinjemo muli zitsime zokumba zimene nyama zimabwerako. Vuto lake n'lakuti ndi kutali kwambiri ndi Maun, moti kuiphatikiza ndi Okavango kumadya masiku ambiri a panjira.

Mbewe:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndikuona kuti mtima wanga uli kwambiri ku zithaphwi. Ndifunseko za mokoro, bwato laling'ono lija limene limaoneka m'zithunzi zonse za Okavango. Kodi munthu angajambule nyama zikuluzikulu ali m'menemo, kapena ndi la kungosangalala ndi malo?

Sakala:
Mokoro ndi wabwino pa zinthu zazing'ono, ndipo amene amakwera akuyembekeza mikango amatsika atakhumudwa. Mumakhala pansi penipeni pa bwato, madzi ali pafupi ndi chigongono chanu, woyendetsa ataima kumbuyo ndi ndodo yaitali imene amakankhira pansi. Kale mabwatowa ankasemedwa ku mitengo ikuluikulu, koma masiku ano ambiri ndi a fibreglass pofuna kusunga mitengoyo. Chifukwa chakuti muli pansi chomwecho, maso anu amalingana ndi maluwa a m'madzi, mbalame ya jacana imene imayenda pamasamba oyandama ndi zala zake zazitali, ndi tiachule tamawangamawanga timene timakakamira pa bango, tosaposa chala chachikulu kukula kwake. Woyendetsa wodziwa amaimitsa bwato mwakachetechete, amazika ndodo yake pansi kuti lisagwedezeke, ndipo mutha kufika pafupi kwambiri ndi kachuleko moti mumaona tizala take titagwira phesi. Pamenepo pamafunika lenzi yojambulira pafupi, kapena 100-400mm yanu ngati imalola kuyandikira.

Lenzi ya 600mm mu mokoro ndi katundu chabe. Mulibe poikhazika, bwato limapendekeka mukangotembenuka, ndipo gumbwa amatchinga chilichonse chakutali. Oyendetsa amapewanso dala madzi akuya chifukwa cha mvuu, choncho njovu ndi mvuu mudzazijambula bwino muli m'boti la injini, limene lili ndi malo okwanira ndipo limatha kuchoka msanga.

Chofunika kufunsa musanasankhe msasa n'chakuti kodi umayendetsa alendo pamadzi pokha, pamtunda pokha, kapena ponse pawiri. Misasa ina ya m'kati mwenimweni imazunguliridwa ndi madzi mu Julayi ndipo ilibe maulendo a galimoto. Ndi yokongola, koma zilombo zolusa mudzaziona mwa mwayi. Kumbukiraninso kuti misasa yambiri imafikiridwa ndi ndege zing'onozing'ono zochokera ku Maun, zimene kawirikawiri zimalola makilogalamu 20 okha pa munthu, kuphatikizapo chikwama cha kamera, ndipo zikwama ziyenera kukhala zofewa. Lenzi yaikuluyo ndi choikhazikira chake zidzadya gawo lalikulu la makilogalamu amenewo.

Nabanda:
Ndiwonjezereko za lechwe, chifukwa kwa ine ndi nyama imene imasonyeza Okavango kuposa ina iliyonse. Mbawala zofiirira zimenezi zimakhala m'madzi osaya, ndipo zikadzidzimuka sizithawira kumtunda koma zimalowa m'madzi n'kumalumpha, popeza ziboda zake zazitali ndi miyendo yakumbuyo yamphamvu zimazipatsa mwayi pamenepo kuposa chilombo chimene chikuzithamangitsa. Chithunzi chabwino chimabwera dzuwa likakhala kutsogolo kwanu, kumbuyo kwa nyamazo, litangotuluka kumene, chifukwa madontho onse amene akuthovoka amawala. Muuze woyendetsa galimoto aime mbali imeneyo zisanayambe kuthamanga, muike shutter (liwiro limene kamera imajambulira) pa 1/2000 ya sekondi kapena mwachangu kuposa apo, ndipo musaope kukweza ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala. Koma musalole kuti woyendetsa azithamangitse dala pofuna kukusangalatsani. Ena amachita zimenezo, ndipo chithunzi chake chimadziwika, chifukwa nyama zonse zimakhala zitakufulatirani.

Nangondo:
Ine ndiyankhe za lenzi kuchokera ku mbali ya chipululu, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti malo akakhala otseguka ndipo nyama zili kutali, yankho ndi lenzi yaitali. Dzuwa likangokwera pang'ono, nthaka imatentha ndipo mpweya wa pamwamba pake umayamba kuvinavina, monga mmene zinthu zimaonekera mukamaziyang'ana kupyola pamwamba pa moto. Lenzi yaitali imakulitsa kuvinavinako pamodzi ndi nyamayo, moti gemsbok imene ili pa mamita 200 nthawi ya 10 koloko m'mawa imatuluka yosaoneka bwino ngakhale lenziyo ikhale yodula chotani. Palibe batani lililonse pa kamera limene lingakonze zimenezi. Chimene chimathandiza ndi kujambula m'mamawa ndi madzulo, kapena kudikira kuti nyama ifike pafupi. Muzimitsenso injini ya galimoto musanajambule, chifukwa kunjenjemera kwake ndi mpweya wotentha wochokera pa boneti zimaononganso chithunzi, ndipo lenzi muikhazike pa kathumba kodzaza mbewu pa windo.

Chachiwiri ndi fumbi. Fumbi la m'zigwa za mchere ndi losalala kwambiri ndipo limalowa paliponse. Nthawi iliyonse imene mwachotsa lenzi panja, lina limakakhala pa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera, ndipo mudzaliona ngati timadontho pa thambo m'zithunzi zanu zonse zotsatira. Pa chifukwa chimenechi, ndalama imene mukufuna kubwerekera 600mm ndikanaigwiritsa ntchito kubwereka kamera yachiwiri n'kuikapo lenzi yaifupi, monga 24-70mm, kuti musamasinthe malenzi konse. M'chipululu lenzi yaifupiyo mudzaifuna kawirikawiri, chifukwa gemsbok imodzi yaing'ono pansi pa thambo lalikulu imafotokoza malowo kuposa nkhope yake yodzaza chithunzi. Ku Nxai Pan kuli milambe imene Thomas Baines anaijambula pamanja mu 1862, ndipo ikadalipo m'mphepete mwa chigwa choyera. Imeneyonso imafuna lenzi yaifupi.

Pa nthaka yoyera ya mchere kamera imanyengeka, imaganiza kuti kwawala kwambiri n'kudetsa chithunzi chonse. Muziwonjezera kuwala ndi sitepe imodzi kapena kuposerapo, n'kumayang'ana histogram, kagalafu ka pa kamera kosonyeza kuchuluka kwa kuwala m'chithunzi.

Phiri:
Pali mfundo imene sinatchulidwe, ndipo kwa wojambula ndi yaikulu ngati ya mwezi. Malamulo a m'mapaki a boma ndi a m'malo obwereketsedwa kwa makampani kapena oyang'aniridwa ndi anthu a m'deralo ndi osiyana. Mu Moremi Game Reserve, imene anthu a mtundu wa Batawana a m'deralo anakhazikitsa okha mu 1963, galimoto siloledwa kuchoka mumsewu ndipo muyenera kukhala mutabwerera ku msasa kukamada. Nyalugwe akakhala mumtengo mamita 80 kuchokera pamsewu, dzuwa lili kumbali yolakwika, mudzamuona koma chithunzi simudzachipeza. M'malo obwereketsedwa ambiri woperekeza amaloledwa kuchoka mumsewu akaona nyama yofunika, kuyenda usiku ndi nyali, ndiponso kuyenda pansi, komanso galimoto zimene zingaime pa nyama imodzi zimakhala zowerengeka. Dziko la Botswana linasankha kalekale kulandira alendo ochepa olipira ndalama zambiri, ndipo malo amenewa ndi amene amasonyeza mfundoyo. Ndikanakhala a Mbewe, ndikanachepetsa masiku a ulendo koma n'kukhala m'malo otere, ndipo ngati n'kotheka ndikanalipira galimoto ya ojambula okhaokha. Kukwera ndi anthu amene akufuna kuona mkango kwa mphindi zisanu n'kupita kwina kumapweteka mtima pamene inu mukuona kuti mkangowo watsala pang'ono kudzuka.

Jere:
A Phiri, zimene mwanena za galimoto ya ojambula ndikuvomereza, koma zakuti m'paki ya boma chithunzi sichipezeka ndikukana. Ku Kgalagadi ndi ku Etosha, ku Namibia, palibe amene amachoka mumsewu, komabe zithunzi zambiri zotchuka za nyama za m'chipululu zinajambulidwa kumeneko ndi anthu oyendetsa okha galimoto zawo. Njira yake ndi kufika pa chitsime geti likangotsegulidwa, kuimika galimoto molingana ndi kumene dzuwa lidzakhale, n'kukhala. Pa nthawi imene mwakhalayo mumaphunzira mbali imene nyama zimatulukira, mumaona nkhandwe ikuzembera nkhunda zimene zabwera kudzamwa, mumazindikira kuti springbok zonse zayang'ana mbali imodzi ndipo mumatembenuza kamera mkango usanaonekere. Ku Okaukuejo, mu Etosha, chitsime chili m'mphepete mwa msasa ndipo usiku chimaunikiridwa ndi magetsi, moti zipembere zakuda zimabwera kudzamwa inu mutakhala kuseri kwa khoma. Ufulu wochoka mumsewu umathandiza m'nkhalango za Okavango, kumene mitengo imatchinga, koma m'chipululu nyama imabwera yokha kwa amene akudikira pa madzi.

Nabanda:
Ufulu wochoka mumsewu uli ndi mbali ina imene tiyenera kuinena poyera. Julayi ndi nthawi imene mimbulu kumpoto kwa Botswana imakhala ndi ana m'mauna, ndipo aliyense wojambula amafuna kukaona tianato tikutuluka kudzalandira nyama imene akuluakulu abweretsa kuchokera kosaka. Mimbulu yatsala yochepa mu Africa muno, ndipo mikango ndi afisi ndi adani aakulu a ana ake. Galimoto zikachuluka pa una ndi kuyandikira mopyola, gululo litha kusamutsa ana, ndipo pa ulendo umenewo ndi pamene amakhala pangozi. Misasa yosamala imaletsa kupita pa una ana akadali aang'ono kwambiri, ndipo pambuyo pake imaika malire a mtunda ndi a chiwerengero cha galimoto. Woperekeza akakuuzani kuti apa ndi pomalizira, musamukakamize, chifukwa iye amadalira mphatso ya alendo ndipo n'zovuta kuti akukanireni kawiri.

N'chimodzimodzi ndi kadzidzi wamkulu wodya nsomba wotchedwa Pel's fishing owl, amene okonda mbalame amapitira ku Okavango. Masana amagona m'mitengo ya masamba ambiri m'mphepete mwa madzi, ndipo kumuimbira kulira kwake pa foni kapena kugwedeza nthambi kuti atsegule maso ndi kumuzunza. Pa maulendo a usiku fulashi yolunjika m'maso mwa nyama imene ikusaka kapena imene ikusakidwa imasokoneza zimene zikanachitika, ndipo operekeza abwino amagwiritsa ntchito nyali yofiira. Droni musaitenge n'komwe, chifukwa m'mapaki ndi yoletsedwa popanda chilolezo chapadera.

Sakala:
Popeza Namibia yatchulidwa, ndinene mwachidule kwa ena amene akuwerenga ndipo akuganiza za chipululu cha Namib. Kumeneko nyama ndi zochepa kwambiri ndipo zamoyo zambiri zimadalira chifunga chochokera kunyanja ya Atlantic, kumene madzi ozizira a Benguela amadutsa. Ku Deadvlei, pafupi ndi Sossusvlei, chithunzi chodziwika cha mitengo yakuda imene inauma zaka mazana angapo zapitazo chimatheka kwa mphindi zochepa, pamene dzuwa lawalitsa phiri la mchenga lakumbuyo koma pansi pakadali mthunzi. Malowo ali pa makilomita opitirira 60 kuchokera ku Sesriem, kumene kuli geti la paki, ndipo ogona m'kati mwa paki amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke pamene ogona kunja amadikira kuti lituluke. Kumpoto, m'mitsinje youma ya Hoanib ndi Huab, kuli njovu zozolowera chipululu zimene zimayenda mitunda italiitali pakati pa akasupe ndipo zimakumba mchenga kufuna madzi. Mitsinjeyo ndi njira yawo yaikulu, choncho galimoto isaime pakati pa njovu ndi madzi, ndipo msasa usamangidwe pa kasupe.

Mbewe:
Ndathokoza kwambiri. Ndasankha Julayi. Ndifunafuna msasa wa ku Okavango umene uli ndi maulendo a pamadzi ndi a pamtunda, kenako ndipite ku Boteti ndi ku Makgadikgadi, ndipo Central Kalahari idikire ulendo wina wa nthawi ya mvula. Ndibwereka kamera yachiwiri m'malo mwa 600mm. Mayi Nangondo, a Jere atchula za kuzizira kwa m'mawa. Kodi kumafika poononga zipangizo, ndipo magetsi otchajira mabatire amapezeka m'misasa yotereyi?

Nangondo:
Kuzizirako sikuononga kamera, koma kumafooketsa mabatire ndi zala zanu. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Kalahari umatha kufika pa 0 kapena kutsikirapo, ndipo m'galimoto yopanda mawindo imene ikuyenda dzuwa lisanatuluke mphepo imalasa kwambiri, pamene masana kumafunda mpaka kuvula juzi. Mabatire osungira muziwaika m'thumba la m'kati mwa jekete kuti azifunda ndi thupi lanu, ndipo batire limene laoneka ngati latha m'mawa kawirikawiri limagwiranso ntchito likafunda. Magolovesi akhale opyapyala kuti muzitha kusindikiza mabatani osawavula.

Misasa yambiri imagwiritsa ntchito magetsi a dzuwa kapena jenereta. Ina ili ndi potchajira m'tenti iliyonse, ina ili ndi malo amodzi amene alendo onse amagawana, ndipo pa maulendo osamukasamuka ndi matenti mumatchajira m'galimoto pamene ikuyenda. Mufunse za msasa uliwonse paokha, mutenge mabatire osachepera atatu pa kamera iliyonse, ndipo pulagi ikhale ya mapini atatu ozungulira ngati ya ku South Africa pamodzi ndi ya mapini atatu amakona, chifukwa mitundu yonse iwiri imapezeka ku Botswana. Makadi osungira zithunzi akhale okwanira ulendo wonse osafufuta chilichonse, popeza intaneti ya kumeneko, kumene ilipo, singanyamule zithunzi zambiri chotero. Pa mokoro ndi pa boti kamera imene simukuigwiritsa ntchito ikhale m'chikwama chosalowa madzi chotsekedwa, ndipo chikwama chomwecho chidzakuthandizani pa fumbi mukafika ku Makgadikgadi.